Zala Ziwiri pa Chiwongolero

Stony Coulee, Saskatchewan
14 Sepitembala, 2023

Okondedwa achimwene Orest,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Halifax pamodzi ndi alamu anga a Maureen ndi ana. Kuno tonse tadzuka bwino, ndipo ine ndadzuka bwino mopitirira muyeso, moti ndikulemba mothamanga, mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kuti kuno mafoni anatha. Pa foni inu mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe, mumati "Larysa, fupikitsa," pomwe nkhani iyi ndi yosafupikitsika.

Nkhani yake ndi ya chikalata chija chili patebulo panu, cha nyumba ya okalamba ya m'tauni muno, chomwe akufuna muyankhe pofika pa 30 mwezi uno. Musasayine. Chisiyeni pomwe chilipo mpaka mufike kumapeto kwa kalatayi. Ndikukumbukira bwino zomwe munanena chaka chatha, abambo atalandidwa chiphaso choyendetsera galimoto chifukwa cha maso. Munati anthu awiri okalamba sangakhale okha pafamu, makilomita 27 kuchokera m'tauni, pakhomo popanda woyendetsa galimoto, ndipo chipinda chikangopezeka asamuke. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera, koma mtima unakana. Abambo anabadwira m'nyumba imene ija, ndipo amayi mukawachotsa pa dimba lawo ndi nkhuku zawo sindikudziwa kuti m'mawa azidzukira chiyani.

Ndiyambe ndi kuulula, paja mlandu suwola. Ndinakunamizani, achimwene. Nthawi zonse mukandifunsa kuti makolo akupita bwanji m'tauni, ndinkati a Klassen oyandikana nawo aja amawatenga. A Klassen anawatengako kawiri kokha, mwezi woyamba. Zoona zake n'zakuti pikiapu yabuluu ya abambo ndinkaiona m'tauni Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, itaima pakhomo pa malo omwera khofi a Bernice, pomwe inkaima kuyambira tili ana. Sindinawafunse kalikonse. Ndinkadziwa kuti ndikafunsa andiyankha, ndipo akandiyankha ndiye kuti ine wapolisi ndamva ndi makutu anga.

Mu Januwale ofesi yathu inalandira galimoto yatsopano ija ndinakutumizirani chithunzi, inu n'kungoyankha kuti "yokongola." Siyokongola chabe, achimwene, ndi yodabwitsa. Padenga pake pali makamera atatu. Ukamayenda, iwo amangowerenga okha nambala ya galimoto iliyonse yomwe wadutsana nayo, yoyenda ndi yoima yomwe, iwe usanaphethire. M'mawa uliwonse kompyuta ya m'galimotomo imalandira mndandanda watsopano kuchokera ku likulu loona za ziphaso: magalimoto obedwa, osalembetsa, ndi amene eni ake analandidwa chiphaso. Nambala ikakhala yopanda vuto, kompyuta imangoti pi, kamodzi, motsitsa. Koma ikakhala pa mndandanda, imalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kuonetsa chithunzi cha galimotoyo, dzina la mwini wake ndi chifukwa chake. Kale tinkachita kutayipa nambala imodziimodzi ndi chala, ndiye pa magalimoto zana ukanafufuza angati? Tsiku langa loyamba ndinaimitsa anthu anayi nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mmodzi anali atayenda zaka zisanu ndi chimodzi wopanda chiphaso, akutipatsa moni tsiku lililonse. Ndinasangalala zedi tsiku limenelo, ndinadziona kuti ndine wapolisi weniweni.

Chisangalalo chinathera pa mphambano ya kwa Bernice, pomwe ndinakumbukira kuti dzina la abambo, Metro Hrycan, nalo lili pa mndandanda womwewo. Kompyuta siona nkhope ya woyendetsa, imangodziwa nambala ndi mwini wake, ndipo sidziwa kuti awa ndi bambo a wapolisi. Choipa china n'chakuti siiwala. Ikalira zimalembedwa, ndipo bwana wanga, Sajeni Friesen, amawerenga zonse Lolemba lililonse n'kumafunsa kuti apa unachitapo chiyani.

Ndiye kuyambira Januwale mpaka Meyi, mlongo wanu wapolisiyu ankathawa pikiapu ya bambo ake omubala. Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa ndinkapeza ntchito kum'mwera kwa njanji. Ndikaona kabuluu patali ndinkakhota msewu umodzi ndisanafike, kuti makamera asaione. Tsiku lina ndinalowa kanjira kakumbuyo kwa sitolo ya zipangizo n'kukatitimira m'chipale, mpaka anachita kundikoka ndi thirakitala, ine n'kumanama kuti ndimatsatira galu wosochera. Mukhoza kuseka, nanenso lero ndikuseka, koma nthawi imeneyo ndinkadya osamva kukoma. Ndinkaopa ntchito yanga, ndinkaopa inu, koma koposa zonse ndinkaopa kuti tsiku lina wailesi idzandiitanira ku ngozi n'kukapeza ndi galimoto yabuluu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu lina mu Meyi, nthawi yofesa, Sajeni Friesen anatulukira ndi kapu yake ya khofi n'kukhala pampando wa pambali panga.

"Lero ndikuyenda nawe, ndione mmene ukugwirira ntchito ndi makinawa," anatero. "Tiye msewu wakumpoto."

"Kumpotoko kuli matope, bwana."

"Galimotoyi ndi ya boma, siopa matope."

"Kum'mwera anthu akudandaula za liwiro."

"Adandaulanso mawa. Tiye kumpoto."

Nthawi inali itangodutsa 9 koloko. Inu mukudziwa amene amakhala pa msewu umenewo nthawi imeneyo. Tinadutsa nkhokwe yaitali ya tirigu ija inasiyidwa, phula linatha, tinalowa msewu wa miyala, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali kamphepo. Titayenda makilomita asanu ndinaona kadontho kabuluu kakubwera pang'onopang'ono. Chiyembekezo changa chinali chimodzi chokha. Paja kuno nambala imakhala kumbuyo kokha, ndipo pikiapu ya abambo sinasambepo chiigulire, ndiye ndinapemphera kuti matope akhale ataimata nambalayo.

Tikudutsana sindinayang'ane nkhope, ndinalibe mtima wotero, komanso dzuwa linali pagalasi lawo. Ndinangoyang'ana pamwamba pa chiwongolero, pomwe abambo amakwezera zala ziwiri. Mukudziwa kuti abambo sadutsana ndi munthu pa msewu wa miyala osakweza zala ziwirizo, kaya ndi mnzawo, kaya ndi mlendo, kaya ndi munthu amene anayambana naye za malire. Tsiku limenelo zala sizinakwere. Ndinati basi, andiona, ndipo achita manyazi.

Kenako nkhumba ija inalira.

Sajeni anawerama n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati sadziwa kuwerenga. "Hrycan, Metro. Chiphaso chinalandidwa, nkhani ya maso." Anapsontha khofi. "Ndi amene ndikuwaganizirawa?"

"Ndi omwewo, bwana."

"Tembenuka. Ukafuna, ndikalankhula nawo ine."

"Ndipita ndekha," ndinatero.

Nditayatsa magetsi, pikiapu inachita chinthu chomwe sindinaionepo ikuchita moyo wanga wonse: inayatsa kanyale kosonyeza kuti ikukhotera kumbali. Inayenda pang'ono, inadumpha kawiri, injini n'kuzima. Ndinatsika ndikukonza mumtima mawu ouza munthu amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto ndili ndi zaka khumi kuti atsike m'galimoto yake. Nditafika pawindo ndinangoti kukamwa yasa.

Pachiwongolero panali amayi. Amayi athu, Nettie Hrycan, zaka 73, atakhalira mapilo awiri opetedwa aja a pa sofa, duku lili kumutu, manja onse awiri atagwira chiwongolero zolimba mpaka zala kuyera. Amayi omwewa amene analumbira mu 1972, atagwetsera lole ya agogo m'dziwe lomwera ng'ombe ali mkwatibwi watsopano, agogo n'kuwaseka zaka khumi, kuti sadzakhudzanso chiwongolero mpaka kumanda.

"Mwadzuka bwanji, apolisi," anatero, maso ali kutsogolo. "Chiphaso changa chili m'chikwama, koma buku likuti ndisachotse manja apa mpaka mutandiuza."

"Amayi, mukutani apa?"

"Ndikuyendetsa galimoto. Nawenso maso ayamba kukuvuta?"

Abambo anali pawindo la mbali inayo, atavala chipewa chawo chija cha kampani ya mbewu, osatekeseka n'komwe. "Unali pa giya yachitatu, Nettie," anatero. "Ndakuuza kangati kuti ukamaima uziponda kilachi? Galimotoyi si makina osokera."

"Mukhale chete inu a Metro, ndikulankhula ndi boma."

Anatulutsa chiphaso cha wophunzira, chenicheni, chithunzi chawo chili pomwepo atakwinya nkhope, cha pa 24 Novembala. Achimwene, sabata yomwe ija inu munaimba foni kunena za nyumba ya okalamba, amayi anakatenga buku la malamulo a pamsewu, n'kumaliwerenga atalibisa pakati pa mabuku ophikira. Mayeso olemba anakhoza ulendo woyamba, osalakwa ngakhale funso limodzi. Dzinja lonse lija, m'chipale ndi m'mphepo, amayi ankayendetsa, abambo n'kumawauza zochita. Ndinafuna kuwakumbatira pawindo pomwepo. Koma ndinali mu yunifolomu, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva nsapato za Sajeni pa miyala.

"Amayi, wophunzira amayenera kukhala ndi munthu wa chiphaso pambali pake."

"Ndili naye. Wayendetsa zaka makumi asanu ndi limodzi."

"Chiphaso chawo chinalandidwa."

"Analanda pepala, sanalande mutu," anatero abambo. "Uyu ali ndi maso, ine ndili ndi msewu m'mutumu. Ukatiphatikiza ndife dalaivala mmodzi wabwino kuposa sajeni wako uja."

Sajeni anatsokomola. Abambo anapendeketsa mutu monga amachitira masiku ano kuti aone ndi m'mbali mwa diso, n'kuti, "Aa, a Friesen, muli pomwepa? Mbewu mwafesa kwanu?"

Ine ndinazungulira kumbuyo kuti ndipume pang'ono. Galimoto yonse inali matope okhaokha mpaka padenga, koma nambala ili mbee, ikuwala. Ndinabwerera n'kufunsa kuti zatheka bwanji.

"Buku likuti nambala izioneka bwino," anatero amayi. "Ndimaipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kambale."

Ndiye mwaona, miyezi isanu ine ndikubisa galimoto, mwini wake akuipukutira kamera.

Mpaka apa nkhaniyi ndi yoseketsa, koma pali mbali ina yomwe sindikufuna kukubisirani. Sajeni anatsamira pawindo n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mayi Hrycan, nanga bwanji anthu akwa Bernice amati amene amaimika galimotoyi pakhomo paja ndi bambowa?"

Amayi sadziwa kunama, inu mukudziwa. "Timasinthana pa nkhokwe yakale ija," anatero. "Ine ndimayendetsa msewu wonse wa miyala, tikafika paja iwowa amatenga chiwongolero. Akuti anzawo okhala pawindo aja asawaone akuyendetsedwa ndi mkazi."

Mutu wanga unaima. Msewu wa miyala, komwe ungayende ola lathunthu osakumana ndi munthu, ankayendetsa wa maso. Kilomita yomaliza, ya m'tauni, yodutsa pasukulu ya pulayimale, ankayendetsa abambo. Chifukwa cha madoda asanu omwa khofi pawindo. Ndinaiwala yunifolomu, ndinaiwala Sajeni, ndinazungulira kupita mbali yawo.

"Ababa, mumadutsa pasukulu?"

"Ndimayenda pang'onopang'ono. M'mbali ndimaona bwinobwino."

"Ana sawolokera m'mbali, ababa. Amawoloka kutsogolo kwanu, pomwe simuonapo."

Anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Sindinayambe ndalankhulapo nawo motero, ndipo mpaka lero zimandiwawa, koma sindingabweze mawuwo.

Chindapusa ndinalembera amayi, chifukwa ndi amene ndinawapeza pachiwongolero. Sajeni anati alembe iyeyo, amayi n'kukana, amvekere, "Alembe mwana wangayu, ndione zomwe anakaphunzira." Pepalalo analimata pa firiji pambali pa zithunzi za ana anu, lilipo mpaka lero. Pikiapu ndinayendetsa ine kubwerera kufamu, titapanikizana atatu pampando, Sajeni akutitsatira. Titafika pa mphambano ya kwa a Klassen, amayi anandigwira bondo.

"Orest usamuuze," anatero. "Akamva, atisamutsa mawa lomwe. Lamulo likuti ndikhale wophunzira miyezi isanu ndi inayi. Ndipatse mpaka Ogasiti. Ndikalephera, ndilongedza ndekha katundu."

Limenelo ndiye bodza langa lachiwiri kwa inu, ndipo ili sindikulipepesa kwenikweni. Pobwerera m'tauni ndinafunsa Sajeni ngati anasankhira dala msewu wakumpoto. Anati, "Tauni ya anthu zikwi ziwiri, iwe ukuganiza kuti ine khofi ndimamwera kuti? Ndimadikira kuti ukhote wekha, koma unkangokhotera kwina." Ndinachita manyazi mpaka kumakutu, koma sanandilembe kalikonse.

Makiyi a pikiapu ndinapita nawo kwanga. Chilimwe chonse, tsiku lililonse lopuma, ndinkapita kufamu: amayi pachiwongolero, ine pakati monga wa chiphaso, abambo pawindo monga mphunzitsi wamkulu wosalembedwa ntchito. Ndipo kunena zoona, achimwene, munthu uja amaona ndi makutu. Amangoti, "Sintha giya, sukumva ikulira?" kapena "Matayala akumanja ali m'miyala yofewa, bwerera pakati," ndipo ukayang'ana upeza ndi zoona. Amayi nawo sagonja. "Inu munaphunzira msewu ulibe malamulo," amatero, "ine ndaphunzira m'buku." Analowanso maphunziro a mphunzitsi weniweni monga lamulo lifunira, n'kumupatsa mapirogi, zophika zawo zija za ufa zoika mbatata mkati, odzaza mbale tsiku lililonse, mpaka bambo uja anapempha kuti asiye chifukwa lamba wayamba kumuthina.

Mayeso oyamba, pa 29 Ogasiti, analephera. Sikuti anagunda kanthu. Anafika pa mphambano ija ya papositi ofesi, pomwe aliyense amaima, woyamba kufika n'kuyamba kudutsa. Amayi anafika oyamba, koma kumanzere kunali mayi Zaharia a kutchalitchi, ndiye anawakodola kuti adutse. Kenako kunabwera a Klassen, nawonso anawakodola. Woyesa mayeso anati anawerenga magalimoto asanu ndi awiri. Nditawafunsa anati, "Ndikanadutsa bwanji mayi Zaharia asanadutse? Ndi aakulu kwa ine zaka zisanu." Madzulo a tsiku limenelo ndinawapeza m'chipinda atatsitsa masutikesi awiri aja a pamwamba pa kabati, akuwapukuta fumbi. Amene anawabwezera pamwamba ndi abambo, akupapasa ndi manja.

Sabata ziwiri zotsatira tinakhalira mphambano imeneyo mpaka anthu anayamba kutiwombera m'manja. Abambo anawapatsa lamulo limodzi lokha: "Ukafika paja ulibe mnzako, Nettie. Ulemu ukawapatsa kutchalitchi."

Dzana, Lachiwiri, anakayesanso. Ine ndi abambo tinadikira pa benchi ya panja pa ofesi. Abambo anakhala mowongoka, mutu utapendekeka, akumvetsera. Itakhota pikiapu kumapeto kwa msewu, ine ndisanaione n'komwe, anati, "Akubwera, ali pa giya yachiwiri, bwinobwino." Amayi anaimika galimoto, anatsika, anakonza duku, anayenda mpaka pomwe tinali, nkhope ili gwa ngati akuchokera kumaliro. Kenako anatulutsa pepala n'kuliika m'manja mwa abambo.

"Werengani," anatero.

"Ukudziwa kuti sindingathe."

"Ndiye ndikuwerengereni. Akuti mkazi wanu ndi dalaivala."

Achimwene, ndinakuwa pakati pa tauni, ine wapolisi, mpaka Bernice anatuluka ndi ketulo m'manja. Amayi akhoza! Ndalemba kawiri kuti mukhulupirire: amayi akhoza.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chomwe ndinkachiopa kuposa mayeso. Pikiapu inali idakali m'dzina la abambo, ndiye kompyuta ikanapitiriza kulira nthawi iliyonse yomwe yaiona, kaya pachiwongolero pali ndani. M'chilimwe muno mnzanga wa kuntchito anatiimitsa kawiri pa chifukwa chomwechi, ine ndili pakati, akuchita kuseka. Njira yake inali imodzi, kuti galimoto ilembedwe m'dzina la amayi. Nditangoyamba nkhaniyi mu Julaye abambo anandidula. "Maso apita, chiphaso chapita, tsopano mukufuna ndi dzina langa lomwe lichoke pa galimoto yanga?" Mukudziwa kuti anaigula chaka cha zokolola zambiri chija, yatsopano, chinthu chokha chomwe anagulapo chatsopano moyo wawo wonse. Sindinaibwerezenso nkhaniyo.

Dzulo m'mawa anandiimbira foni okha. "Bwera utiperekeze ku ofesi ya ziphaso. Ndipo usachedwe, mayi akowa ali ndi nkhaka zoti aike m'mabotolo." Titafika, mayi wa pakauntala anawapatsa pepala ndi cholembera. Abambo anapendeketsa mutu uku ndi uku, mzere wosayinapo osaupeza. Ine ndinafuna kuthandiza, koma amayi anali atagwira kale chala chawo n'kuchiika pa mzerewo. Anasayina pang'onopang'ono, dzina lonse, Dmytro Hrycan, osati lofupikitsa lija la Metro, monga anasayinira pa chikalata cha ukwati. Atamaliza anakankhira makiyi kwa amayi pakauntala pomwepo.

"M'dzinja uziyamba waitenthetsa mphindi khumi," anatero. "Ndipo usamaitukwane, imamva."

Nambala yatsopano anaimanga okha kumbuyo, mopapasa, osalola munthu kugwira sipanala. Amayi anaipukuta ndi kansalu kambale.

Tsopano za lero. Mndandanda watsopano umalowa m'kompyuta m'mawa, ndiye nditangoyamba ntchito ndinapita kukaima pa nkhokwe yakale ija, pamalo penipeni pomwe ankasinthirana. Lero ndi Lachinayi, si tsiku lawo la m'tauni, koma amayi anali atanena kuti akufuna viniga, ndipo ine ndinadziwa kuti si viniga yekha. Kunja kunali fumbi la makina okolola mbali zonse. Nthawi itangodutsa 9 koloko kadontho kabuluu kanatulukira. Mosiyana ndi mu Meyi, ulendo uno sindinayang'ane kumbali.

Atayandikira pankhokwe ndinadikira kuti ndione ngati achepetse liwiro. Sanachepetse. Amayi ali pa mapilo awo, abambo ali pawindo, chigongono chili panja. Ndipo akundidutsa, achimwene, dzanja la amayi lamanzere linamasuka pang'ono pamwamba pa chiwongolero, zala ziwiri n'kukwera. Sizinakwere kwambiri, ndipo anazibweza msanga, koma zinakwera. Galimoto itadutsa, kamera inaona nambala, kompyuta inangoti pi, kamodzi, motsitsa, monga imachitira ndi galimoto ya munthu wina aliyense. Ndinakhala m'galimoto ya boma n'kulira ngati mwana, kenako n'kuseka, mpaka wailesi inandifunsa ngati zonse zili bwino.

Ndinawatsatira chapatali. Anadutsa pasukulu pang'onopang'ono, anaima pa mphambano ya papositi ofesi n'kudutsa nthawi yawo itakwana, anakaimika pakhomo pa Bernice, pamaso penipeni pa windo lija. Abambo anatsikira mbali yawo, madoda onse asanu akuonerera. Mmodzi wa iwo, a Walter Pasloski, aja samasowa chonena, anatsegula chitseko n'kuti, "Metro, wapeza dalaivala tsopano? Umamulipira zingati?" Abambo anakonza chipewa n'kuyankha kuti, "Wangayu chiphaso chake ndi cha dzana. Iwe chako unatenga msewu ukadali wa akavalo, akakuyesa lero ubwerera wapansi." Analowa n'kukhala pampando wawo wa masiku onse.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Munati pakhomo popanda woyendetsa galimoto sangakhalepo. Woyendetsa alipo tsopano, wa chiphaso cha boma, ndipo kompyuta yomwe yavomereza. Aimbireni a nyumba ya okalamba muwauze kuti chipindacho apatse ena. Sindikunena kuti munalakwa, achimwene. Inu mumaopa muli kutali, ine ndimaopa ndili pafupi, mantha ake ndi amodzi. Ndikudziwa kuti amayi ali ndi zaka 73, kuti dzinja likubwera, kuti tsiku lina tidzakhalanso pansi kukambirana za chikalata chomwechi. Tagwirizana kuti kukagwa chipale chambiri sayendetsa, a Klassen azikonza msewu wolowera pakhomo, ndipo ine ndizipitako kawiri pa sabata. Mwina tapeza zaka ziwiri, mwina zisanu. Zilizonse zomwe tapeza, anazigwirira ntchito okha, ndipo sindikufuna tiwalande ndi siginecha.

Za mabodza anga awiri aja, mundikalipire mukabwera, ndidzakhala chete mpaka mumalize, osakudulani. Bwerani pa tchuthi chothokoza zokolola mwezi wamawa, mubwere ndi alamu ndi ana. Ku bwalo la ndege ndidzakutengani ine, chifukwa amayi akuti misewu ya mumzinda ndi ya anthu amisala. Koma akuti ndidzakutsitseni pakhomo pa Bernice, alamu ndi ana adzapitirire ndi ine, inuyo makilomita 27 otsalawo adzakuyendetsani okha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nkhaka za m'mabotolo zawo zasungidwa. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akupereka moni, akuti musadye panjira. Abambo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati, "Umuuze kuti adzakhala pakati. Pawindo ndi panga."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Larysa